Anatulutsa mankhwala a mkazi wanga mufiriji kuti aikemo mafirizesi

A Mkonzi, ndipatseniko malo, ndipo musandidule mawu.

Mankhwala a mkazi wanga anawatulutsa mufiriji ya kuchipatala n'kuikamo mafirizesi. Eya, mafirizesi omwewa, timatumba tapulasitiki ta madzi otsekemera oundana timene ana asukulu amayamwa pabuleki. Mankhwala anachokera ku Amereka. Anakwera ndege ali ozizira, anatsika ku Chileka ali ozizira, anakwera basi mpaka kuno ku Domasi ali ozizira. Anadzafera pamwamba pa kabati, kunsi kwa malata, mwezi wa Okutobala, m'manja mwa anthu ovala zoyera.

Chipatalacho sindichitchula dzina. Ndi chaching'ono, chili m'chigwa chathu chino, ndipo eni ake akawerenga adzidziwa okha.

Ine ndine munthu wamkulu. Kulemba ndinaphunzira imvi zitamera kale, kusukulu ya kwacha, nditakhala pamkeka umodzi ndi amayi oyamwitsa. Ngati zilembo zina zapendama, ziwongoleni. Koma nkhaniyi muisiye mmene ilili.

Mkazi wanga, amake Dailesi, amadwala nyamakazi. Osati nyamakazi ija timadandaula nayo tonse kunja kukachita mitambo. Yawo ndi ina. Adokotala a ku Blantyre anatifotokozera kuti thupi lawo limadziukira lokha: asilikali a m'magazi, amene ntchito yawo ndi kumenyana ndi matenda, amatembenuka n'kumaluma mfundo za mafupa za mwini thupi. Zala zinayamba ndi kutupa. Kenako zinapindika, zonse n'kuloza mbali imodzi ngati chimanga chogonetsedwa ndi mphepo. M'mawa amadzuka ali gwa. Batani la bulauzi sangamange. Chitenje chikamasuka panjira amaima n'kudikira munthu wamkazi adutse. Duku ndimawamanga ndine, ndipo amayi a kutchalitchi amachita kudziwiratu, chifukwa mfundo yanga imakhala pakhutu.

Tinayesa zambiri. Mapiritsi anawawotcha m'mimba. Mphini anatemera mpaka m'zigongono. Mapemphero ndiye osanena.

Manja amenewa si manja wamba. Ndi amene analima, kusinja ndi kulera ana anayi zaka zimene ine ndinali kumigodi ku Joni. Za zaka zimenezo sindilemba pano. A m'mudzi mwathu akuzidziwa, ndipo wondikumbutsa sasowa.

Mwana wathu wachisamba, Dailesi, ali ku Amereka. Musaganize za ofesi. Amagwira ntchito m'nyumba yosungira okalamba, kusambitsa ndi kudyetsa makolo a eni ake. Kumeneko ndi kumene anamva za mankhwala atsopano a jakisoni, otuluka chaka chathachi, amene akuti amawaletsa asilikali aja kuluma mwini thupi. Anatenga mapepala a adokotala a ku Blantyre, anayenda nawo kwa madokotala a kumeneko, anawonjezera ntchito yachiwiri. Mtengo wake sanandiuze. Nditamufunsa anangoseka.

“Bambo, ndikakuuzani, odwala akhala awiri m'nyumba muno.”

Anabwera mu Ogasiti chaka chino cha 1999, atanyamula kabokosi kabuluu kosunga kuzizira, osalola ngakhale kondakitala kukagwira. M'katimo munali katoni ya timabotolo ta ufa woyera, kalikonse ndi madzi ake osungunulira. Anatikhazika pakhonde n'kutiphunzitsa ngati ana. Anati mankhwalawa si ofanana ndi mapiritsi. Amapangidwa kuchokera ku zamoyo, ndiye ali ngati mkaka: akatenthedwa amafa, ngakhale maso aziona ngati ali bwino. Ayenera kukhala mufiriji nthawi zonse. Kubaya ndi pantchafu, pansi pa khungu, Lachiwiri ndi Lachisanu.

Kwathu kulibe magetsi. Firiji yapafupi ndi ya parafini ya kuchipatala chija, imene amasungiramo katemera wa ana. Dailesi anapita yekha kukapempha. Mwana wochokera ku Amereka anagwada pasimenti pamaso pa adokotala a pamenepo ndi anesi awo, kupempha kangodya kamodzi ka mufiriji. Anavomera ndi manja awiri. Anesi anapatsidwa nsapato ndi kachikwama. Adokotala anapatsidwa wotchi. Pakatoni Dailesi analemba m'Chichewa, zilembo zikuluzikulu zoti ngakhale ine ndiwerenge ndili chapatali: ZIKHALE MUFIRIJI NTHAWI ZONSE. Kabokosi kabuluu anakasiyanso komweko, kuti parafini akadzatha tsiku lina mankhwala adzabisale m'menemo.

Anesi anamugwira dzanja. Ndinalipo, ndinamva ndi makutu angawa.

“Pitani ndi mtima umodzi, achemwali. Amayiwa ndi mayi anga.”

Mayi anga! Mawu amenewa muwasunge.

Ndiye tinayamba. Lachiwiri ndi Lachisanu ndinkawakweza pakaliyala ya njinga, n'kumakankha pokwera, n'kumapalasa pang'onopang'ono potsika kuopa mabampu. Tikafika, iwo ankalowa okha m'kachipinda ka jakisoni. Ine ndinkakhala panja pabenchi ya amuna. Ndi mmene timachitira kuno: mayi akamavula ntchafu pamaso pa mwana wamkazi, mwamuna sakhalapo, ngakhale ali mwamuna wake.

A Mkonzi, mankhwalawo anagwira. Ndikufuna zimenezi zimveke, chifukwa ena akuyendayenda n'kumati anali mankhwala achabe. Masabata ochepa okha, kutupa kunaphwa. Tsiku lina m'mawa ndikuchokera kudimba ndinawapeza pakhonde, lichero pamwendo, akusenda nandolo. Ndi zala zawo. Ndinaima ngati mtengo. Iwo anandikodola kuti ndisendere, n'kunditsina pamkono mpaka ndinalumpha.

“Mwamva, bambo a Dailesi? Zabwerera. Muzisamala mmene mumayankhulira.”

Lamulungu lotsatira anamanga okha duku. Kutchalitchi anagwira okha buku la nyimbo. Amayi anzawo anachita kuwazungulira, aliyense kufuna kugwirako zala zija. Ine ndinaimba tsiku limenelo mpaka mnzanga wa pabenchi anandigunda ndi chigongono kuti ndikupitirira anthu.

Kenako kunatentha. Mukudziwa mmene chigwa chino chimatenthera Okutobala akalowa, phiri lili mbuu ndi utsi, malata akulira okha masana. Ululu unayamba kubwerera. Poyamba m'mawa mokha. Kenako tsiku lonse. Zosenda nandolo anazisiya. Duku linabwerera kwa ine.

Ndinawafunsa anesi pakhomo la kachipinda kaja. Anati ndi ukalamba, agogo. Ndinati ukalambawo unali kuti mwezi watha? Anati mwina akulimanso, muziwaletsa. Munthu wosatha kugwira supuni, alime ndi chiyani, ndi mano? Ulendo wina ndinafunsanso. Anandiyankha akupukuta m'manja, osandiyang'ana, kuti mankhwala a azungu ena sagwirizana ndi magazi athu. Ndipo anapitiriza kubaya. Lachiwiri, Lachisanu. Lachiwiri, Lachisanu. Ntchafu za mkazi wanga zinachita mabala a singano, pamene anesiwo akudziwa kumene akutenga timabotolo timeneto.

Nthawi yomweyo ndi imene pageti la chipatala panayamba malonda. Mlamu wawo wa anesi, mayi wamkulu ndithu, ankakhala pampando pamenepo ndi kanthu kokutidwa ndi chitenje, akugulitsa mafirizesi. Ana asukulu ankachita kuunjikana. Odwala malungo ankagula. Ine ndemwe, chitsiru cha munthu, ndinagulapo awiri tsiku lina, lina langa lina la amake Dailesi, n'kumawagwirira pakamwa kuti aziyamwa popeza manja anali atakananso. Tinathokoza. Tinati koma zimenezi zatithandiza ndi kutenthaku. Dera lopanda magetsi, madzi oundana akuchokera kuti? Funso limeneli silinandifikire m'mutu. Nanga munthu ungaganize kuti chimene ukuyamwacho ndi chimene chalanda malo a mankhwala ako?

Zinaululika Lachisanu lina m'mawa, ndikuwamanga duku kuti tinyamuke.

“Bambo a Dailesi, ndinene kanthu. Koma musakayambane ndi anthu.”

“Nenani.”

“Mulonjeze kaye.”

“Nenani, dzuwa likukwera.”

“Katoni ija anesi satenganso mufiriji. Amakwera pampando n'kuitenga pamwamba pa kabati.”

Ndinasiya duku lili lende.

“Chiyambire liti?”

“Chiyambireni kutentha.”

“Ndiye inu mwakhala mukuona, osanena?”

Anayang'ana pansi. Anati anesi aja ndi mwana wa mwini. Anati mayi ake a mwanayo amakhala nawo benchi imodzi kutchalitchi. Anati munthu wosaphunzira angamufunse bwanji wophunzira pantchito yake, n'kumuchititsa manyazi? Anati ankaganiza kuti mwina ndi mmene adokotala alamulira. Anati poti tikusungitsa mwaulere, ndiye tiyambenso kuwalondalonda?

Sindinawakalipire. Ndikanawakalipira bwanji? Ulemu umenewo tinaphunzitsidwa tonse. Inenso ndi ulemu womwewo umene unandikhazika pabenchi ya amuna miyezi yonseyi, osalowa ngakhale kamodzi kukaona ndi maso anga.

Tsiku limenelo ndinalowa.

Panali pa sikelo ya ana, amayi ali thothotho pakhonde ndi makanda kumsana. Ndinawadutsa, ndinakankha chitseko cha kachipinda ka jakisoni. Anesi anadzidzimuka.

“Agogo, amuna salowa muno.”

“Lero alowa. Katoni ya amake Dailesi ili kuti?”

“Ili pamalo pake. Tulukani, ndiwaitana ikakwana nthawi.”

“Pamalo pake ndi pati?”

Ndinakweza maso. Inali pomwepo, pamwamba pa kabati, chapafupi ndi malata, pakati pa nyali yakufa ndi mulu wa mapepala akale. Mbali imene Dailesi analemba anaitembenuzira kukhoma. Ndinakwera pampando womwe amakwerawo, ine ndi mawondo angawa, n'kuitsitsa. Inali yofunda ngati mbatata yongophula. Pachivundikiro panali fumbi ndi zitosi za mphemvu.

Ndinapita pafiriji. Anesi anathamanga n'kuima patsogolo pake, manja ali m'chiuno.

“Firiji imeneyi si yanu!”

“Si yanunso. Sunthani.”

Sindinawagwire, ndipo asaname kuti ndinawagwira. Ndinangotambasula dzanja pambali pawo n'kukoka chitseko.

A Mkonzi, ndaona zonyansa pamoyo wanga. Ndinagona m'makomboni a kumigodi. Koma zonga zimene ndinaona mufiriji muja ndinali ndisanazionepo. Mafirizesi tholo, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ofiira, achikasu, obiriwira. Pamwamba pamene pamaundana panali ouma kale. M'munsi munali odikira nthawi yawo, atasanjidwa bwinobwino ngati njerwa, mwaluso ndithu, kuonetsa kuti munthu anakhalira pansi ntchito imeneyi. Thumba lina linali litaphulika, madzi ofiira onata atayenderera mpaka pansi. Pakona, atapanikizidwa kukhoma, panali katemera wa ana, timabotolo tina titagona cham'mbali m'madzi ofiirawo. Pamwamba pa katemerayo panali mbale ya nsomba zadzulo, yosavundikira.

Amayi a pakhonde anali atadzaza pakhomo. Wina anati, “Iii, katemera amene akubaya ana athu ndi ameneyo?” Wina anangomasula mwana kumsana n'kumukumbatira kutsogolo.

Mukuganiza kuti anesi anagwa nkhope? Ayi ndithu. Anayamba kundiphunzitsa. Anati anangotulutsa pang'ono. Ndinati pang'ono pa mwezi wathunthu? Anati, ndipo apa ndikulemba mawu awo enieni:

“Agogo, mankhwalawa ndi ufa. Ufa umaonongeka ndi dzuwa? Ufa wanu wa mgaiwa kunyumba mumausunga mufiriji?”

Mwamva? Munthu wopita kusukulu ya unamwino, wovala chipewa choyera, anayang'ana mankhwala amene mwana wanga anawagwirira ntchito ziwiri n'kuona mgaiwa. Sanafunse munthu. Sanawerenge pepala la m'katoni, iye wodziwa Chingerezi. Sanawerenge ngakhale Chichewa cha pakatoni. Kapena anawerenga, n'chifukwa chake anachitembenuzira kukhoma?

Anatinso, malipiro athu mukuwadziwa? Ndikuwadziwa kuti ndi ochepa. Ndani sakudziwa mmene zinthu zakwerera? Gulitsani mafirizesi, gulitsani zitumbuwa, gulitsani chilichonse, palibe akukuletsani. Koma mukanabwera kwathu n'kunena kuti agogo, malo atha, kasungeni kwina. Ndikanakwiya tsiku limodzi, n'kupeza pena. Njinga ndili nayo. Pakamwa munali napo. Munasankha kukhala chete n'kumabaya mayi uja munkati mayi anu.

Phokoso litakula, adokotala anatulukira. Wotchi ya Dailesi ili pamkono. Atatsegula pakamwa kuti ayankhule, lilime linali psuu. Sindikuwonjezera. Amayi onse a pakhomo analiona, ndipo wina analephera kupirira, anaseka.

Adokotalawo sanayang'ane n'komwe mufiriji. Anati bambo Namaona, tiyeni tikhale anthu. Anati tinakuchitirani chifundo. Anati mankhwala amenewa si a chipatala chino, sitinawaitanitse, ndipo chimene chingawachitikire si mlandu wathu. Ndinati nanga pamene munkalandira wotchi, anali a chipatala chiti? Anati ndikayamba mwano aitana mlonda. Ndinati muitaneni, mwina iyeyo andiuza kuti parafini woyatsira firijiyi amagula ndani.

Apo ndi pamene anesi anaponya mwala wawo. Anayankhula mokweza, kuti amayi onse amve.

“Lero ndiye mwadziwa kukonda mkazi? Zaka zija munali ku Joni, osatumiza ngakhale sopo, ankawasamala ndani? Tisiyeni ife, agogo.”



Mawu amenewo analowa. Sindinayankhe pamenepo, ndipo sindiyankha pano. Mwana ameneyu anali asanabadwe nthawi imeneyo, anachita kumva kwa akuluakulu, ndipo akuluakuluwo sananame. Koma ndifunse: zimenezo zikukhudzana bwanji ndi firiji? Mwamuna akakhala woipa, ndiye kuti mkazi wake azibayidwa mankhwala owola? Ndi lamulo la chipatala chiti limenelo?

Ndinanyamula katoni yanga n'kutuluka. Pageti, mlamu uja anali ataona kuti zinthu zavuta, akulongedza mofulumira. Chitenje chinagwa. Chimene ankagulitsiramo mafirizesi masiku onsewa chinali kabokosi kabuluu ka Dailesi. Kabokosi kamene mwana wanga anakafungatira pamiyendo ulendo wonse wa ndege. Ndinakalanda, n'kukhuthulira mafirizesi ake pansi. Ngati akufuna kukandisumira, njira ya kwathu kwa Malemia akuidziwa.

Amake Dailesi anali pabenchi, akulira mwakachetechete. Osati chifukwa cha mankhwala. Chifukwa choti ndayambana ndi anthu.

Timabotolo totsala tinalipo tochuluka ndithu, tokwanira kufika chaka chatsopano. Mtima wanga unali pamenepo: mwina sitinafe tonse, mwina tikabwerera pozizira titsitsimuka. Nditawasiya amake Dailesi kunyumba, ndinakulunga katoni m'chiguduli chonyowa n'kupalasa mpaka kumsewu waukulu, kwa Che Saidi, Msilamu wa golosale amene ali ndi firiji ya magetsi. Munthu ameneyu si mbale wanga, si wa mpingo wanga. Anamvetsera, anapukusa mutu, anatulutsa mabotolo ake a zakumwa n'kuikamo katoni.

“Akatentha mabotolowa anthu amwabe,” anatero. “Pitani mukamuimbire mwanayo.”

M'mawa mwake ndinakwera basi kupita ku Zomba kukaimba foni kupositi. Dailesi ndinamupeza atangoweruka kuntchito. Ndinafotokoza zonse, kusiyapo za ku Joni zija. Anafunsa funso limodzi.

“Akhala kunja nthawi yaitali bwanji?”

“Amayi ako akuti chiyambireni kutentha.”

“Pansi pa malata?”

“Pansi pa malata.”

Anati afunsa adokotala a kumeneko, ndibwerenso Lolemba. Lolemba ndinabwerera. Yankho linali lalifupi. Asabayidwenso. Palibe angadziwe chimene chatsala m'timabotolomo, ndipo kubwezera mufiriji sikuukitsa chimene chafa.

“Tayani, bambo.”

“Nanga ena, mwananga?”

“Bambo, sindingathe. Chaka chino ayi. Chamawa kaya.”

Analira. Mwana wanga wa zaka makumi anayi analira pafoni ngati wakhanda, kumapepesa kwa ine, ngati wolakwa ndi iye. Anati akanadziwa akanagula firiji ya parafini m'malo mwa nsapato ndi wotchi. Anati anakhulupirira chifukwa anali kwawo.

Pochoka kupositi ndinapita kuofesi imene amati imayang'anira zipatala zazing'onozi. Anandiuza kuti abwana ali kumsonkhano. Ndinapitanso sabata yotsatira. Abwana anali kumaliro. Kalaliki anandifunsa ngati ndili ndi umboni. Ndinamuonetsa katoni. Anati katoni si umboni, umboni ndi lipoti lochokera kwa adokotala a pamalopo. Ndiye kuti ndipite kwa a lilime lofiira aja akandilembere lipoti lodzineneza okha? Ndani anakonza njira imeneyi, ndipo anaikonzera ndani?

Lamulungu lapitali masana kunabwera alendo: amalume awo a anesi, pamodzi ndi mkulu wa mpingo mmodzi amene ndimamulemekeza. Anesi eni ake sanabwere. Amalumewo anali atakolekera nkhuku kukhwapa, thadzi lofiira lomangidwa miyendo ndi luzi. Tinawayalira mkeka. Tinalonjerana mwamwambo, za kumudzi, za mvula imene ikuchedwa. Kenako mkulu wa mpingo anakonza kukhosi.

Anati abwera kudzagwira mwendo. Anati mwana walakwa, koma mwana akanyera pantchafu sudula ntchafu. Anati zamveka kuti ndikufuna kulemba kunyuzipepala, ndipo nkhani za pachibale sizipita kunyuzipepala. Anati mwanayo akachotsedwa ntchito, pali anthu asanu ndi mmodzi amene amadya m'manja mwake. Anati ndife Akhristu.

Ndinati, “Firiji ija mwaitsuka?”

Anayang'anana. Amalume anati zimenezo ndi za kuntchito, iwo abwerera za pamudzi.

Amake Dailesi anandiyang'ana ndi maso ondipempha. Iwo ankafuna kulandira. Anati, “Bambo a Dailesi, anthu abwera ndi ulemu.” Amalume ataona kuti mayi ndi wofewa, ananyamuka, anagwada patsogolo pawo n'kuwapatsira nkhuku ija. Mukudziwa mwambo wathu: chipepeso amalandira mwini kulakwiridwa, ndi manja awiri. Mkazi wanga anatambasula manja onse awiri. Amalume anaika nkhuku n'kusiya. Zala sizinatseke. Anayesa, ndinaona nkhope yawo ikukwinyika ndi ululu, koma sizinatseke. Nkhuku inapulumuka, inagwa pamkeka, n'kumakupiza mapiko m'fumbi ndi miyendo yake yomangidwa, ikudzikoka chozungulira.

Mkulu wa mpingo anayang'ana kuphiri. Amake Dailesi anabisa manja m'chitenje n'kunena kuti, “Pepani, alendo.”

Anapepesa ndi iwo!

Ndinatola nkhuku ija n'kuibwezera kukhwapa kwa amalume. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu, chifukwa mlendo amaperekezedwa. Nditabwerera ndinafunafuna cholembera.

Dzulo ndadutsa pageti paja. Mafirizesi akugulitsidwabe, tsopano m'ndowa yokutira ndi chiguduli. Ndiye inu akuluakulu oyang'anira zipatala, amene simupezeka pampando, ndiyankheni kudzera momwe muno. Firiji imeneyi amaiyendera ndani, ndipo anaitsegula liti komaliza? Parafini amene amaperekedwa kuti asunge katemera, ndi wa katemera kapena wa bizinesi? Ana amene abayidwa pachipatala chimenechi chiyambireni kutentha, katemera wawo anali wamoyo? Mukudziwa? Mupita kukaona, kapena mudikira chikuku chidzakuuzeni? Nanga munthu amene anaona nyamakazi ikubwerera m'manja mwa wodwala wake, akudziwa chifukwa chake, n'kumapitiriza kubaya, mumamutcha namwino?

Sindikupempha ndalama. Mulibe ndalama zimene zingafike pamenepo, ndipo nkhuku ndakana kale. Ndikufuna munthu abwere, atsegule firiji imeneyo pamaso pa anthu, ndipo anene poyera chimene chichitike.

Kwa inu anzanga amene ana anu ali kunja ndipo amakutumizirani mankhwala osunga pozizira, kaya a nyamakazi, kaya a shuga: musasungitse n'kutembenuka. Lowani. Onani ndi maso anu ulendo uliwonse pamene akuwatenga. Gwirani botolo, mumve ngati likuzizira. Abambo, benchi ya panja ija isakunamizeni, gogodani. Amayi a kusikelo, musaleke kubayitsa ana, koma musanapereke mkono wa mwana nenani kuti tsegulani firiji tione. Akakana, itanani anzanu muime pakhomo mpaka atsegule. Adzakunenani kuti ndinu amwano. Lolani akuneneni. Kwathu kuno tinali aulemu, mudzi wonse ungachitire umboni.

Amake Dailesi sakudziwa kuti kalatayi ndaimaliza. Akuti ndiisiye, tidzaonana bwanji ndi anthu kutchalitchi. Ndikulemba pano akundiitana m'nyumba. Akufuna madzi akumwa, ndipo kapu ili pambali pawo pomwepo.

Namaona,
kwa Malemia, Domasi.